Jakisoni wa sikani ku Lusaka: nenani za mimba asanakubayeni

Kwa odwala amene akutumizidwa kuchokera ku Chipata, Katete, Lundazi ndi Petauke kukajambulidwa mafupa, impso kapena chithokomiro ndi mankhwala a radiation (cheza champhamvu chosaoneka ndi maso).

Zoti jakisoniyu amawotcha magazi n'zabodza. Mankhwala amene amabaya kawirikawiri ndi technetium-99m, ndipo mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6 alionse, moti pakatha maola 24 imatsala gawo limodzi mwa magawo 16. Sikani ya mafupa imapatsa munthu wamkulu pafupifupi 4 mSv (mSv ndi muyeso wa radiation imene thupi lalandira), pomwe aliyense amalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi mumlengalenga. Kamera yojambulira situlutsa radiation, imangowerenga imene ikuchokera m'thupi.

Chotidetsa nkhawa ife ndi amayi obisa mimba.

Tikudziwa, kwathu kuno mimba yaing'ono sailengeza, ena ngakhale apongozi sawauza. Koma amene akukufunsani m'chipinda chobayira sakufuna nkhani yoti akanene kumudzi. Mankhwalawa akalowa mumtsempha sangatulutsidwenso. Amatuluka okha ndi mkodzo, ndipo chikhodzodzo chili pafupi kwambiri ndi chiberekero. Mukanena msanga, adokotala angathe kuimitsa sikaniyo, kusankha ultrasound, sikani yogwiritsa ntchito mafunde a phokoso imene ilibe radiation, kapena kuchepetsa mlingo n'kukujambulani nthawi yotalikirapo. Mukanena atabaya kale, njira zonsezi zatsekeka. Musadikire kuti mutsimikize. Ngati mwezi wadutsa osasamba, kapena simukukumbukira tsiku, nenani, akupimeni mkodzo. Atsikana, ngati mukuchita manyazi chifukwa amayi kapena azakhali ali pomwepo, pemphani kulankhula ndi anamwino panokha.

Pa iodine-131, mankhwala ena a radiation amene amagwiritsa ntchito pa chithokomiro, ndiye nkhani imakula. Imadutsa kupita kwa mwana wa m'mimba ndipo ingawononge chithokomiro chake. Imalowanso mumkaka, choncho mayi amene walandira amasiyiratu kuyamwitsa mwana ameneyo. Pa technetium, ena sasiya n'komwe, ena amasiya kwa maola ochepa, kutengera mtundu wa sikani. Funsani musanakwere basi, kuti ngati n'kofunika mufinyiretu mkaka.

Zina n'zosavuta. Nyamulani zotsatira zakale, kuopa kubwereza sikani imene munachita kale. Ngati wojambulidwa ndi mwana, amuyeze pa sikelo tsiku lomwelo, chifukwa mlingo wake amawerengera pa makilogalamu ake, osati zaka.

Madzi nawo musawanyoze. Pa sikani ya mafupa mumadikira maola 2 mpaka 4 mutabayidwa. Nthawi imeneyi imwani madzi, kodzani pafupipafupi, ndipo pitirizani tsiku lonse pokhapokha adokotala atakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso. Ambiri amaleka kumwa poopa ulendo wobwerera pa Great East Road, n'kusunga mkodzo kuchokera ku Lusaka mpaka pa mlatho wa Luangwa. Kumeneko n'kusunga radiation m'chikhodzodzo. Ngati n'kotheka gonani ku Lusaka, munyamuke mawa lake. Mukakodza thirani madzi ambiri m'chimbudzi, sambani m'manja ndi sopo, ndipo tsiku limenelo khanda alinyamule wina.

Abambo operekeza akazi anu, musawayankhire funso la mimba. Tulukani panja pang'ono, ayankhe okha jakisoni asanabayidwe.