Firizesi ya galu: mmene mungapangire pakhomo panu

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Blantyre, ana amaunjikana pamageti a sukulu kugula mafirizesi a malambe, ife akuluakulu timasakasaka thobwa lozizira, koma galu amangogona m'khola lake la malata, lilime lili panja. Masiku apitawa mayi wina wa ku Chilomoni anabwera ndi galu wake kudzabayitsa katemera, ndipo potuluka anandifunsa kuti: "Adokotala, mwana wanga amagawana firizesi ndi galuyu. Kodi palibe choopsa?" Ndinawayankha kuti mwanayo waona chinthu chimene akuluakulu ambiri sitichiona, chakuti galu nayenso amamva kutentha. Cholakwika ndi firizesi yakeyo. Muli shuga wambiri, ndipo galu akaikonda amameza ndi pulasitiki yomwe, imene ingathe kutseka matumbo.

Ife tikatenthedwa timatuluka thukuta thupi lonse. Galu alibe mwayi umenewu. Thukuta lake limatuluka pang'ono chabe, kunsi kwa mapazi. Njira yake yeniyeni yodziziziritsira ndi kupuma mwawefuwefu kuja: mpweya ukamadutsa pa lilime lonyowa ndi kukhosi, chinyontho chimauma n'kupita ndi kutentha. Choncho galu amataya madzi ambiri masana ngakhale atangogona. Thupi la galu wabwinobwino limatentha madigiri 38 mpaka 39. Likafika 41, ubongo, impso ndi chiwindi zimayamba kuonongeka. Agalu athu achikuda, a thupi lopyapyala ndi ubweya waufupi, amapirirako. Amene ndimawadera nkhawa ndi awa timagula kuti azilondera m'mipanda ku Namiwawa, Nyambadwe kapena ku Chigumula: Boerboel, Rottweiler, German Shepherd. Matupi ndi aakulu, ena ubweya ndi wambiri, ndipo timawatsekera tsiku lonse kuti usiku adzakhale aukali. A ku Chileka ndi ku Lunzu, komwe kumatentha kuposa m'tauni muno, muyenera kusamala kwambiri.

Firizesi yosavuta kuposa zonse ndi ya msuzi wa nkhuku. Tengani makosi kapena zipalapasiro, muwiritse m'madzi okhaokha. Musathire mchere, anyezi, adyo, ngakhale zokometsera ndiwo za m'timapaketi zija. Msuzi ukazizira, yengulani mafuta oyandama pamwamba, chotsani mafupa onse, tinyama mubwezeremo. Thirani m'kontena ya majarini yotsuka bwino, muike mufiriza usiku wonse. Mawa lake cha m'ma 12 koloko, vuulani chibuma chonsecho muike m'mbale yake pamthunzi.

Chibuma chikhale chachikulu ndithu, ndipo pali chifukwa chake. Timiyala ting'onoting'ono ta ayezi galu amatitafuna, ndipo dzino lalikulu la kumbuyo limatha kuthyoka. Galu wadyera amangomeza, n'kutsamwa. Chibuma chachikulu sangachilume, amachita kunyambita pang'onopang'ono, madzi akulowa m'thupi, iye ali phee. Kunyambitako kumamukhazikanso mtima pansi, moti kuuwa kwa masana kumene kumakudanitsani ndi aneba kumachepako. Ngati galu wanu ndi wamng'ono kapena wokalamba, tulutsani firizesi ikhale kaye panja mphindi zisanu kuti ifewe.

Ina imene agalu ambiri amaikonda ndi ya nthochi ndi chambiko. Kanyani nthochi imodzi yakupsa bwino, sakanizani ndi theka la kapu ya chambiko chopanda shuga, muumitse mufiriza. Ndikunena chambiko osati mkaka wamadzi chifukwa agalu ambiri akakula matumbo awo salolanso shuga wachilengedwe wa mu mkaka, ndipo amatsegula m'mimba. Mu chambiko ndi yogati shuga ameneyu amakhala wachepako chifukwa cha kusasa. Komabe yambani ndi supuni imodzi, muone chimbudzi chake mawa lake. Chikafewa, musiyeni chambiko, nthochi musakanize ndi madzi basi. Maungu ophika kapena mbatata yophika, zokanyakanya, nazonso zimauma bwino ndipo sizivutitsa m'mimba. Mavwende ndi abwino mukachotsa nthanga ndi chikhungwa. Papaya chimodzimodzi.

Mango ndiye ndiimepo pang'ono, poti nyengo yake yayandikira ndipo ambiri tili ndi mitengo pakhomo. Mnofu wa mango ulibe vuto kwa galu. Vuto ndi njere yake. Galu wamkulu amaimeza yonse, imakakhala m'matumbo, iye amayamba kusanza chilichonse chimene wadya, amasiya kuchita chimbudzi, ndipo nthawi zambiri chomupulumutsa ndi opareshoni basi. Dulani mnofu wokha, ndipo mango ogwa pansi muzitola m'mawa musanamumasule. Njere ya peyala nayo ndi yoopsa mofananamo.

Anthu ambiri amafunsa za chiponde. Supuni imodzi yaing'ono m'kontena yonse ndi yokwanira, chifukwa mafuta akachuluka amatupitsa kapamba. Pali zinthu ziwiri zoti muyang'ane. Ngati ndi chogula m'sitolo, werengani pabotolo: mukaona mawu oti xylitol, musampatse. Ameneyu ndi shuga wochita kupanga, wopezekanso m'machingamu ena, amene amagwetsa shuga wa m'magazi a galu mofulumira kwambiri n'kuononga chiwindi. Ngati mukusinja nokha, sankhani mtedza wabwino. Pakhomo pambiri mtedza wofumbwa ndi wachuku umene anthu akana ndi umene umapita kwa ziweto. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amapha chiwindi, ndipo agalu sachedwa kugonja naye. Kukazinga sikumuchotsa, kuumitsa mufiriza sikumuchotsanso. Madeya onunkha chuku amene mumaphikira nsima ya galu ali ndi vuto lomweli.

Zina zoti zisalowe m'kontena muja ndi chokoleti, khofi, tiyi, mowa wa mtundu uliwonse, mphesa zaziwisi kapena zouma, ndi mtedza wa makademiya umene umalimidwa ku Thyolo. Mphesa zimatha kuimitsa impso. Makademiya amafooketsa miyendo yakumbuyo, galu n'kumanjenjemera.

Koma chimene chimandivuta kwambiri kufotokozera anthu ndi anyezi, chifukwa ndiwo zathu zonse timathira anyezi, ndipo galu wa pakhomo amadya mkute ndi msuzi wotsala kuyambira kalekale. Munthu amati: "Wanga uja amadya tsiku lililonse, koma ali bwinobwino." Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimaphwanya maselo ofiira a magazi. Sizioneka tsiku lomwelo. Pakapita masiku angapo, kapena zikaunjikana m'thupi, galu amafooka, nkhama zake zimayera, mkodzo umada. Galu wochepa magazi chotere, amene mwina nkhupakupa zamuyamwa kale, ndi amene kutentha kumamugwetsa msanga. Choncho msuzi wotsala wa dzulo musaumitse n'kumati ndi firizesi. Patulani wake musanayambe kukazinga anyezi.

Pa kuchuluka kwake, lamulo limene madokotala a ziweto timatsatira ndi lakuti zakudya zapadera ngati izi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya chake cha tsikulo. Ya msuzi mukhoza kumpatsa tsiku lililonse poti ndi madzi kwenikweni. Ya nthochi ndi chiponde, kawiri kapena katatu pa sabata. Galu wodwala shuga kapena impso, funsani kaye dokotala wake.

Magetsi akathima nthawi yaitali, firizesi ya msuzi n'kusungunukiratu mpaka kufunda, tayani. Musaumitsenso. Msuzi wa nyama suchedwa kuonongeka m'nyengo ino. Kontena ya galu ikhale yotseka, yolembedwa, kuti ana asaisokoneze ndi zawo.

Firizesi ndi ya galu amene ali bwino. Galu amene kutentha kwamugwira kale amaoneka chonchi: akupuma mothamanga osaleka, dovu lambiri, nkhama zofiira kwambiri, akudzandira kapena wagwa. Ameneyo musamukankhire ayezi m'kamwa. Mpititseni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira a pampopi thupi lonse, makamaka kumimba, m'khwapa ndi pakati pa ntchafu, mumukupize mphepo, ndipo muthamangire naye kuchipatala cha ziweto ngakhale aoneke ngati watsitsimuka, chifukwa impso zimatha kufooka mawa lake. Musamufunditse chiguduli chonyowa, chimasunga kutentha. Ndikudziwa kuti dovu limaopsa, poti mumzinda uno chiwewe tinachiona, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera ku Blantyre mu 2015. Galu wanu akamabayidwa chaka chilichonse, mudzamugwira ndi mtima umodzi tsiku ngati limenelo. Galu wachilendo amene akutuluka dovu musamuyandikire, itanani a zaziweto.

Kwa amene mulibe furiji, musadandaule. Mukhoza kupempha malo a kontena imodzi kwa aneba amene amagulitsa mafirizesi, kapena kugula madzi oundana, kuchotsa pulasitiki, n'kuponya m'beseni la madzi ake akumwa. Madzi a mumtsuko nawonso amazizira mokwanira, bola muzisintha m'mawa ndi masana, beseni likhale lolemera kuti asaligubuduze.

Mayi a ku Chilomoni aja ndinawapemphanso chinthu chimodzi, chimene ndikupemphanso inu. Mawa cha m'ma 1 koloko masana, pitani kukhola la galu wanu, mulowetse mkono m'kati, mugwire lata. Ngati dzanja lanu silikupirira, yalani udzu kapena mphasa yakale pamwamba pa malatawo, boolani mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, kapena sunthirani khola lonse pansi pa mtengo. Iwo anandiuza kuti lawo lili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khoma la mpanda kumene dzuwa la masana limagunda, ndipo anati akalisuntha Loweruka bambo akunyumba akakhalapo.