Nambala 3 yakuda ija: Dale Earnhardt anali dolo kapena wankhanza chabe?

February aliyense mpikisano wa Daytona 500 ukamayandikira, mafani a NASCAR, bungwe loyendetsa mipikisano ya magalimoto ku America, amayambiranso mkangano womwe sunathepo chiyambire 2001, woti Dale Earnhardt azikumbukiridwa ngati ndani. Ena amati palibe dalaivala anafikapo pomwe mkuluyu anafika, ena amati aaa zabodza ankawina pogunda anzake basi, ndiye pali gulu lachitatu lomwe limati imfa yake ndi mphatso yomwe anasiyira madalaivala onse a lero. Ine ntchito yanga ndi ya magalimoto, makamaka mbali ya chitetezo cha munthu wokhala mkatimo, ndipo magulu awiri oyambawo ndimawamvetsa onse. Lachitatulo ndi lomwe limandivuta.

Kwa inu omwe simunaonerepo, stock car, galimoto yomwe amapikisanira mu NASCAR, kunja imaoneka ngati Chevrolet kapena Ford wamba koma mkati ndi chikhola cha mapaipi achitsulo owotcherera, injini ya V8, kulemera kupitirira makilo 1,500, zitseko sizitseguka dalaivala amalowera pawindo. Nthawi ya Earnhardt ankanyamuka magalimoto 43 pakamodzi pa msewu wozungulira, kukhotera kumanzere kokhakokha. Wa ku Daytona, Florida, ndi wotalika makilomita 4, makona ake ndi opendekeka madigiri 31 ndipo liwiro limayandikira makilomita 300 pa ola. Popeza matayala ndi ophimbidwa ndi bodi, kukhudzana pang'ono sikugwetsa galimoto nthawi yomweyo ngati ku Formula One, ndiye kukankhana ndi bampala ndi gawo la masewerawa, nkhani imangokhala yoti wakankha mpaka pati.

Earnhardt anabadwa mu 1951 ku Kannapolis, North Carolina, tauni ya mafakitale a nsalu. Bambo ake a Ralph analinso dalaivala wa mipikisano ing'onoing'ono ndipo anamwalira mu 1973 ndi nthenda ya mtima. Sukulu sanapite nayo patali, anaisiya ali ku sekondale, ndipo mafani ake ambiri, anthu a m'mafakitale ndi m'magalaja, ankamuona ngati mnzawo. Mu 1979 anasankhidwa kukhala dalaivala watsopano wopambana, chaka chotsatira 1980 n'kutenga chikho cha ligi yonse. Anadzatenganso mu 1986, 1987, 1990, 1991, 1993 ndi 1994, zisanu ndi chimodzi zomalizazi ali ku timu ya Richard Childress pa galimoto nambala 3. Zikho 7, kufanana ndi Richard Petty, ndipo wina yemwe anafikapo pamenepo ndi Jimmie Johnson yekha mu 2016. Mipikisano yomwe anawina mu ligi yaikulu ndi 76.

Amene amati ankangowina ndi nkhanza amaiwala mmene mapointi ankawerengedwera masiku amenewo. Kunalibe za ma playoff, mipikisano yomaliza ya chaka yomwe madalaivala ochepa apamwamba okha amalimbirana chikho, zomwe zinabwera mu 2004, chikho chinkapita kwa yemwe wasonkhanitsa mapointi ambiri chaka chonse, ndiye munthu wongogundagunda amaphwanyanso galimoto yake n'kumalephera kumaliza, sangatenge zikho 7 ayi. Luso lake lenileni linali la mphepo. Wakabaza aliyense yemwe anapalasapo kumbuyo kwa lole amadziwa kuti pamenepo njinga imapepuka, ndiye pa liwiro la 300 zimenezi zimakula kwambiri, galimoto yakutsogolo imang'amba mphepo yakumbuyo n'kumasunga mphamvu, ndipo ziwiri zikatsatana pafupi zimathamanga kuposa imodzi payokha. Palinso njira ina yoti ukayandikitsa galimoto yako m'mbali mwa ya mnzako, mphepo yochoka kwa iwe imakagwera pa sipoila yake, chipsepse cha kumbuyo kwa galimoto, n'kumuchedwetsa. Kuyambira 1988 NASCAR inayamba kuika kachitsulo kochepetsa mpweya wolowa mu injini ku Daytona ndi Talladega pofuna kuchepetsa liwiro, magalimoto onse n'kumayenda mumpanipani umodzi, ndiye wopambana ankakhala wodziwa kuwerenga mphepoyo. Earnhardt kachitsuloko ankadana nako poyera koma nthawi yake ndi iye yemwe ankawina nako kwambiri, ku Talladega kokha ka 8 mwa maulendo 10 omwe anawina kumeneko. Mu October 2000 komweko anali pa nambala 18 kutatsala maraundi 5, n'kuwina, Kenny Wallace akumukankha kumbuyo. Pakanema wake simuona akugwetsa munthu, mungoona akusankha mpata asanauone wina aliyense. Kumeneko kunali kuwina kwake komaliza.

Koma nkhanzazo zinaliponso, tisabise, dzina loti The Intimidator, kutanthauza woopseza anzake, sanalitole pamsewu. Ku Richmond mu 1986 Darrell Waltrip atamudutsa kutatsala maraundi ochepa, Earnhardt anamukola kumbuyo, onse awiri pakhoma pamodzi ndi ena omwe ankawatsatira, Kyle Petty n'kungodutsa kukatola chipambano, ndipo NASCAR inamulipiritsa faindi. Ku Bristol mu August 1999 anagunda Terry Labonte pa raundi yomaliza, Labonte n'kuzungulira, iye n'kuwina, khamu lonse kumukuwiza, iye n'kuyankha kuti sankafuna kumugwetsa ankangofuna kumugwedeza pang'ono. Ineyo pamenepo sindimuikira kumbuyo. Kukankha mnzako kuti atuluke pamzere ndi masewera, koma kumukola pa tayala lakumbuyo ukudziwa kuti akupita kukhoma la konkire ndi kutchova njuga ndi khosi la munthu wina. Onani zomwe zinachitika mu 2024 ku Richmond komweko, Austin Dillon, mdzukulu wa Childress, ali pa nambala 3 yomweyo anagunda Joey Logano ndi Denny Hamlin pa raundi yomaliza n'kuwina, NASCAR inati chipambanocho sichimulowetsa mu playoff. Zomwe mafani amaombera m'manja akamakumbukira Earnhardt, lero zimalangidwa.

Chodabwitsa n'choti anzake omwe ankawagundawo ankamupatsabe ulemu. Daytona 500 inamuzunza zaka zambiri, mu 1990 anatsogola mpaka raundi yomaliza tayala n'kuphulika Derrike Cope n'kuwina, ndiye atawina mu 1998 pa ulendo wake wa 20, amakaniko a matimu onse anandanda pamzere kumugwira chanza mmodzimmodzi.

Tsopano 18 February 2001. Raundi yomaliza ya Daytona 500, kutsogolo kuli Michael Waltrip ndi mwana wa Earnhardt, Dale Earnhardt Jr, onse pa magalimoto a kampani ya Earnhardt mwini, iye ali wachitatu akutchinga ena kuti asawapeze. Pa kona yomaliza galimoto yake inakhudzana ndi ya Sterling Marlin, inatsetsereka kumunsi kenako n'kukwera molunjika khoma, Ken Schrader n'kuigunda m'mbali. Waltrip anawina, Junior wachiwiri, bambo ake anamwalira ali ndi zaka 49. Marlin analandira mpaka mauthenga omuopseza kuti amupha, Junior ndi yemwe anaima poyera kuuza anthu kuti amusiye.

Anthu ambiri oonera pa TV sanaganize kuti ndi ngozi yoopsa chifukwa mu mpikisano womwewo Tony Stewart anali atagubuduzika m'mwamba pa ngozi ya magalimoto ambirimbiri koma anapulumuka. Apa ndi pomwe maso amatinamiza. Galimoto ikamagubuduzika zidutswa zikuuluka, mphamvu ya liwiro ikutha pang'onopang'ono, tayala lochoka latenga gawo, bodi yophwanyika yatenga gawo, ndipo munthu mkatimo akulandira zochepa. Galimoto yomwe yagunda khoma losasuntha ndi mphuno imataya liwiro lambiri m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Ya Earnhardt inali pa liwiro la makilomita pafupifupi 250 pa ola. Malamba amagwira thupi kuti lisapite kutsogolo koma mutu palibe chougwira, ndiye mutu ndi helimeti zomwe zimalemera mwina makilo 6 zimakoka khosi ngati katundu wa makilo mazana angapo, fupa la pansi pa chigaza pomwe mutu umalumikizana ndi msana n'kusweka, ndipo pamenepo ndi pomwe pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi komanso mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma. Earnhardt anafa ndi chimenechi.

Nachi chomwe chimandipweteka. Chida choteteza vuto limeneli chinalipo kale. HANS ndi kolala yolimba yomwe imakhala pamapewa pansi pa malamba, ili ndi tizingwe tiwiri tomangirira ku helimeti kuti mutu ndi chifuwa ziziyenda limodzi, anaipanga m'zaka za m'ma 1980 ndi Dr Robert Hubbard wa ku Michigan State University ndi mlamu wake Jim Downing yemwe anali dalaivala. Pa Daytona 500 ya 2001 ovala anali ochepa kwambiri. Earnhardt sankaifuna, ndipo ankavalabe helimeti yosatseka kumaso pomwe anzake ambiri anali atasintha. Komanso chaka cha 2000 chokha NASCAR inali itaika m'manda anthu atatu ndi kuvulala kofanana ndi kumeneku, Adam Petty wa zaka 19, mdzukulu wa Richard Petty, mu May ku New Hampshire, Kenny Irwin Jr mu July pa msewu womwewo, ndi Tony Roper mu October ku Texas. Maliro atatu m'miyezi isanu ndi umodzi, lamulo la kolala osabwera.

Kodi HANS ikanamupulumutsa? Akatswiri anasiyana maganizo. Lipoti la NASCAR la August 2001 linatchula zinthu zingapo kuphatikizapo lamba wa m'chiuno wakumanzere yemwe anapezeka ataduka, nkhani yomwe inamuvutitsa kwambiri Bill Simpson wopanga malambawo mpaka kuchoka pa kampani yake, pomwe Dr Barry Myers wa ku Duke University atawona zithunzi za kuchipatala anati kukoka kwa mutu kuja ndi komwe kunapha, lamba aduke asaduke. Ndipo ngakhale Earnhardt atafa lamulo silinabwere pompo, linadikira mpaka October 2001 Blaise Alexander atafanso chimodzimodzi ku Charlotte mu mpikisano wa ARCA, ligi ina yaing'ono ya ma stock car, apo ndi pomwe NASCAR inati aliyense azivala chogwira mutu ndi khosi.

Zitatero zinthu zinayenda mwachangu. Makoma a SAFER, omwe ndi mapaipi achitsulo okhala ndi thovu lolimba kumbuyo kuti khoma lizibwerera pang'ono likagundidwa, anapangidwa ndi gulu la Dean Sicking ku University of Nebraska ndipo anayamba kuikidwa ku Indianapolis mu 2002 kenako m'misewu ina. Mipando inasintha n'kukhala yogwira mutu m'mbali, helimeti yotseka kumaso inakhala lamulo, mu 2007 kunabwera galimoto yatsopano yomwe inasunthira dalaivala chapakati kutali ndi chitseko. Chiyambire tsiku la Earnhardt palibe dalaivala wafa pa mpikisano m'maligi atatu akuluakulu a NASCAR, ndipo Ryan Newman yemwe anagundidwa padenga ali chadodolido pa Daytona 500 ya 2020 anatuluka m'chipatala akuyenda yekha patangopita masiku awiri.

Ndiye wina akati chitetezo chimenechi ndi cholowa cha Earnhardt ine ndimati ayi aise, mkuluyu sanachimenyere nkhondo, anali mmodzi mwa okana, ndipo mawu ake anali olemera moti akanavala kolala ija mu 2000 achinyamata ambiri akanatsatira sabata yomweyo. Mlandu waukulu uli kwa akuluakulu a NASCAR omwe anasiya nkhani ya khosi m'manja mwa madalaivala, anthu oti chibadwire chawo amakhulupirira kuti ngozi imagwera ena. Zomwe zinasintha mu February 2001 n'zoti yemwe anafa anali munthu wogulitsa matikiti ndi zipewa kuposa aliyense, pa TV, pa mpikisano woyamba wa kontrakiti yatsopano ya kanema wa Fox. Adam Petty anafera pa pulakatisi Lachisanu anthu ochepa akuona.