Mphepo ndi Kafoleredwe ka Nyumba za M'midzi ya ku Ireland

Munthu akaona nyumba yofolera ndi udzu ku Ireland, maso ake amathera pamwamba, komatu mphamvu ya dengalo imabisala pansi. Amisiri akale ankadula zibuma zazitali zopyapyala za nthaka yokhala ndi kapinga wake, zotchedwa scraw, n'kuziyala pa mapaso mbali ya mizu itayang'ana m'nyumba. Zibumazi zinkasunga kutentha, zinkagwira zofolera, ndipo utsi wa pamoto unkaziumitsa pang'onopang'ono mpaka kuda bii ndi mwaye.

Zofolera zinkatengera zimene deralo limabereka: mapesi a tirigu kumene nthaka ili yachonde, bango m'mbali mwa mtsinje wa Shannon, ndi udzu wa pamchenga kugombe la nyanja. Pa zilumba za Aran, kumadzulo kwa dzikoli, ankalima rye, mbewu yofanana ndi tirigu, n'kumuzula ndi manja kuti mapesi akhale aatali.

Kamangidwe kake kankalamulidwa ndi mphepo. M'madera a kumtunda mmisiri ankapinda timitengo ta hazel kapena willow, totchedwa scollop, n'kutibaya m'zibuma zija kuti tipanikize mapesi, kenako mzere wotsatira unkaphimba timitengoto kuti mvula isatipeze. Kugombe la dera la Donegal, kumpoto chakumadzulo kwa dzikoli, kumene mphepo ya nyanja ya Atlantic imatha kusasula denga usiku umodzi, njira imeneyi sinkakwanira. Kumeneko msonga ya denga ankaiumba yobulungira kuti mphepo izitsetsereka, ndipo pamwamba pa udzu ankayalapo zingwe zopota ndi mapesi n'kuzimangirira ku zikhomo zamiyala zotuluka m'khoma pansi pa denga. Kwa ine luso limeneli ndi limene limandigwira mtima kwambiri, chifukwa zingwezo zinkaola msanga, motero banja linkayenera kupota zatsopano kawirikawiri, anansi akuthandiza. Nyumba zotere zikuonekabe m'mudzi wosungirako mbiri wa Glencolumbkille ku Donegal komweko, umene wansembe James McDyer anautsegula mu 1967.

Masiku ano vuto lalikulu ndi zipangizo. Mbewu za tirigu zamakono n'zazifupi, ndipo makina okololera amaphwanya mapesi, kotero amisiri ambiri amagwiritsa ntchito bango loitanitsa kunja, ngakhale pa nyumba zimene kale zinkafoleredwa ndi mapesi. Bango limakhalitsa ndithu, koma limasintha maonekedwe a nyumba, ndipo pokonzanso denga ena amachotseratu zibuma zakale zimene zikanatha kugwirabe ntchito. Eni nyumba amavutikanso kupeza inshuwalansi chifukwa makampani amaopa moto, ngakhale kuti boma limapereka thandizo la ndalama kwa ofuna kufolera mwatsopano.