Nsato ziwiri ndi chilembo cha ŵ

Nthawi ya dzinja, mvula ya ku Mzuzu ikugwa yosalekeza ija, bambo wina wogulitsa mbewu ndi feteleza pafupi ndi msika waukulu adandiitana kuti ndikaone laputopu yake. Maina a alimi amene amatenga katundu pangongole, ena a ku Ekwendeni, ena a kumunsi ku Nkhata Bay, ankawasunga m'kapulogalamu kamene mphwake adamulembera asanapite ku Joni. Laputopu yakale itafa adagula ina, wina adamuikiramo Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, koma kapulogalamuko kadakaniratu kutseguka. "Achimwene," adatero bamboyo, "kodi sanandigulitse makina achinyengo?" Makinawo analibe mlandu. Kapulogalamuko kadalembedwa mu Python 2, laputopu yatsopanoyo inali ndi Python 3, ndipo pakati pa awiriwa pali mkangano umene udatenga zaka zoposa khumi kuti uthe.

Python adayamba ndi munthu mmodzi. Guido van Rossum wa ku Netherlands ankagwira ntchito ku CWI, malo ofufuzira za masamu ndi makompyuta mu mzinda wa Amsterdam, ndipo patchuthi cha Khrisimasi cha 1989 adayamba kudzilembera chinenero cholembera mapulogalamu. Adachitulutsa poyera mu Febuluwale 1991. Python m'Chingerezi ndi nsato, koma dzinalo silidachokere ku nsato, ngakhale chizindikiro chake lero ndi njoka ziwiri, yabuluu ndi yachikasu. Adalitenga ku sewero lanthabwala la pa BBC lotchedwa Monty Python's Flying Circus. Chimene chimatikhudza ife n'chakuti sadachigulitse. Aliyense ali ndi ufulu wochitenga, kuwerenga mmene chidalembedwera, kuchikonza ndi kupatsa mnzake. N'chifukwa chake wophunzira wa ku Mzuni kumtunda ku Luwinga amachikopera pa fulashi ya mnzake, mtima uli m'malo, osaopa kuti waba.

Anthu atachuluka padafunika dongosolo. Python 2.0 adatuluka mu Okutobala 2000, ndipo mu 2001 padakhazikitsidwa bungwe la Python Software Foundation losunga umwini ndi ndalama zoperekedwa ndi akufuna kwabwino. Wofuna kusintha kanthu kakakulu amalemba chikalata chotchedwa PEP, chimapatsidwa nambala, anthu amakambirana, nthawi zina mpaka kupsetsana mtima. Koma mawu omaliza anali a Guido. Anzake adamupatsa udindo wanthabwala wa BDFL, kutanthauza wolamula mwankhanza koma wokoma mtima, mpaka imfa.

Python 2 anali ndi chilema chimene a ku Ulaya ndi ku Amereka ambiri sankachimva kuwawa, koma ife kuno chinkatibaya. Iye ankaona mawu ngati mzere wa mabayiti, timagawo ting'onoting'ono timene kompyuta imasungiramo zinthu. Chilembo cha Chingerezi chimatenga bayiti imodzi, tsono zonse zinkayenda bwino. Koma chilembo cha ŵ, chija timalemba m'dzina la Malaŵi, chija anzathu olemba Chitumbuka sangachilumphe polemba ŵanthu, chimatenga mabayiti awiri mu UTF-8, njira yofala yosungira zilembo m'kompyuta. Mukamufunsa Python 2 kuti m'mawu akuti Malaŵi muli zilembo zingati, ankayankha kuti 7. Mukaika ŵ m'fayilo ya pulogalamu osalembapo pamwamba kuti mwagwiritsa kalembedwe kanji, ankakana kuiwerenga fayilo yonse. Njira yozungulira inalipo, koma inkafuna munthu woidziwa, ndipo mphwake wa bambo uja sankaidziwa. M'buku lake la ngongole maina onse okhala ndi ŵ adangowalemba ndi w wamba, vuto litha. Panalinso kugawa: mukagawa 7 ndi 2, Python 2 ankati 3. Matumba 7 a feteleza pakati pa alimi awiri, thumba limodzi lasowa chonchi popanda woba.

Guido ndi anzake adaona kuti zilema izi sizingakonzeke popanda kuthyola zakale. Pa 3 Disembala 2008 adatulutsa Python 3.0. Mawu onse tsopano ndi Unicode, dongosolo lozindikira zilembo za zinenero zosiyanasiyana, Malaŵi ali ndi zilembo 6, 7 kugawa ndi 2 ndi 3.5, ndipo mzere woonetsa mawu pa sikirini woti print "Moni" uyenera kulembedwa print("Moni"). Kamzere kameneka ndi komwe kadagwetsa pulogalamu ya m'sitolo ija.

Anthu sadasamuke. Makampani anali ndi mizere ya mapulogalamu yosawerengeka imene inkagwira ntchito bwinobwino, ndipo sankaona phindu lolipira antchito kuti ailembenso. Olemba malaibulale, zida zija aliyense amamangirapo zake, ankati tidikire ogwiritsa ntchito asamuke, ogwiritsa ntchito nawonso ankati tidikire malaibulale. Aliyense adayembekeza mnzake kuti ayambe kuwoloka mtsinje. Mu Julayi 2010 padatuluka Python 2.7 ngati mlatho, ndipo chikalata cha PEP 404 chidanena mosabisa kuti 2.8 sadzakhalako. Adati 2.7 adzatha mu 2015. Mu 2014, pa PyCon, msonkhano wa ogwiritsa ntchito Python, ku Montreal, Guido adaonjezera zaka zina zisanu chifukwa khamu linali likadali tsidya lija. Zinthu zidatembenuka pamene akuluakulu a malaibulale adatopa ndi kusenza mitolo iwiri. Django 2.0, laibulale yaikulu yomangira mawebusaiti, yotuluka mu Disembala 2017, idamutaya Python 2, ndipo ena adatsatira. Tsiku lomaliza lidali 1 Januwale 2020, ndipo 2.7.18, yotuluka mu Epulo chaka chomwecho, ndiyo idatseka chitseko.

Kwa ine kusinthako kudali koyenera, ndipo munthu wolemba ŵ sangatsutse. Koma mtengo wake sudagawidwe mofanana. Kampani yaikulu idalemba anthu ntchito n'kusamuka. Kasitolo ka ku Mzuzu, kamene wolemba pulogalamu yake ali ku Joni ndipo foni sayankha, palibe adakauza kuti 2020 ikubwera.

Mkangano wachiwiri udali wa kanthu kakang'ono zedi, chizindikiro chatsopano cholembera mapulogalamu cha := chimene PEP 572 idabweretsa. Anthu adakangana miyezi, mawu adafika poipa, Guido adavomereza chikalatacho, kenaka pa 12 Julayi 2018 adalemba kuti watula pansi udindo. Wolowa m'malo sadamusankhe. Kwathu kuno mfumu sinena kuti ndatopa, dzioneleni nokha, koma iye adatero, ndipo mudzi sudapasuke. Akatswiri amene ali ndi chilolezo chosintha Python weniweniyo adavota n'kukhazikitsa komiti ya anthu asanu. Yoyamba idasankhidwa kumayambiriro a 2019, Guido ali mmodzi mwa iwo, ndipo zisankho zimachitika chaka ndi chaka.

Pansi pa komiti imeneyi ndi pomwe kalendala ya masiku ano idakhazikika. Kale Python watsopano ankatuluka pakatha pafupifupi chaka ndi theka. Łukasz Langa wa ku Poland adalemba PEP 602, ndipo kuyambira pa 3.9 mu 2020, amatuluka Okutobala aliyense, nthawi imene alimi athu ali kalikiriki kusosa ndi kugalauza mizere. Miyezi yoyamba amatulutsa zoyeserera zotchedwa alpha, momwe zatsopano zimalowa ndi kutuluka. Mu Meyi pamabwera beta yoyamba ndipo khomo la zatsopano limatsekedwa, chotsala n'kusaka zolakwika. Aliyense atha kuikopera n'kuyesa pulogalamu yake, ngakhale ali ku Chibavi, bola bandulo. Mtundu uliwonse uli ndi munthu mmodzi woyang'anira katulutsidwe kake, ndipo umakhala ndi moyo zaka zisanu. Kuyambira pa 3.13, zaka ziwiri zoyamba amakonza zolakwika zamtundu uliwonse, zitatu zotsalazo amangotseka mipata imene mbava za pa intaneti zingalowere. Zikatha, basi. 3.8 adatha mu Okutobala 2024.

Kuthyola zakale sikudathe, koma tsopano amachenjeza kaye. Chinthu chikati chichotsedwe chimayamba kutulutsa chenjezo kwa mitundu yosachepera iwiri. Umu ndi mmene chida cha distutils chidachokera mu 3.12, ndi mmene zida zakale monga cgi zidachotsedwera mu 3.13. Wosawerenga machenjezo amadzadzidzimukabe, koma sangati sadauzidwe. Ndipo okambirana zimenezi salinso a ku Ulaya okha. PyCon Africa yoyamba idachitikira ku Accra, ku Ghana, mu Ogasiti 2019.

Pulogalamu ya bambo uja idanditengera masana amodzi. Mizere ya print inali yambiri koma yosavuta. Pamene padandichedwetsa ndi pogawa, chifukwa malo ena mphwakeyo ankadalira kuti Python azitaya zotsala, tsono padafunika chizindikiro chogawira cha //, chimene chimataya zotsala, m'malo mwa /. Titamaliza tidayesa kulemba dzina la mlimi wina wa ku Ekwendeni ndi ŵ wake, lidalowa, ndipo bamboyo adayamba kukonza maina enawo limodzilimodzi, magalasi ali pamphuno. Laputopuyo inali ndi 3.12, wotuluka mu Okutobala 2023. Ndidatenga kapepala, n'kulembapo Okutobala 2028, n'kukamata ndi selotepi mkati mwa chivundikiro. Adakayang'ana kwa kanthawi.

"Nanga inuyo achimwene, 2028 mudzakhala muli kuno, kapena nanunso ndi a ku Joni?"