Ngolo yokokera boti imasankhidwa pa sikelo

Mwezi wa Okutobala ukamayandikira, bwalo la shopu yathu yopanga ngolo ku Graniteside, mu Harare, limadzaza maboti. Imeneyi ndi nyengo ya mpikisano wowedza nsomba za tiger ku nyanja ya Kariba, ndipo ngakhale amene sapikisana nawo mtima umawadyokoka, amafuna akanyowetse boti ku damu la Chivero kapena la Darwendale Loweruka. Pafupifupi aliyense akalowa pageti amabwera ndi funso limodzi: "Achimwene, boti langa ndi la mamita asanu, ngolo yake mupanga zingati?" Ine ndimawabwezera funso: kodi likulemera bwanji? Apa ndiye ambiri amayamba kukanda m'mutu.

Utali wa boti umangondiuza utali wa zitsulo zimene ndidule. Chimene chimathyola ekiselo, kuphulitsa matayala ndi kugwetsera galimoto kuphompho ndi kulemera, ndipo nambala imene ili pa pepala la wopanga boti nthawi zambiri imakhala ya chigoba chokha, chopanda kanthu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti chigoba cha faiba ndi makilogalamu 500. Injini ya kumbuyo ya mphamvu ya mahatchi 60 imasewera cha m'ma 110. Petulo malita 100 ndi makilogalamu pafupifupi 75. Mabatire awiri tiwapatse 45. Nangula, zingwe, mbedza, majekete, bokosi la ayezi ndi zakumwa, nazonso sizilephera kufika 100. Tafika pa 830. Tsopano ikanipo ngolo yeniyeniyo, imene yokha ingalemere 250, ndipo boti lija munkati la 500 lasanduka katundu wa makilogalamu 1,080 kumbuyo kwa galimoto yanu.

Nambala imeneyi ndi imene imalamula zonse. Opanga magalimoto ambiri amalola kukoka ngolo yopanda mabuleki mpaka makilogalamu 750 basi, ndipo magalimoto ang'onoang'ono ena salola n'komwe kufika pamenepo. Kupyola apo, ngolo ikhale ndi mabuleki akeake. Tsegulani buku la galimoto yanu muone. Musadalire za mnzanu amene akuti "Hilux imakoka chilichonse", chifukwa ma Hilux nawonso amasiyana malinga ndi chaka ndi injini. Ndipo ngati boti muli nalo kale pa ngolo yakale, pitani nalo pa sikelo ya magalimoto, lili ndi petulo ndi katundu yense monga mmene mumanyamukira pa ulendo. Ndalama yochepa ya pa sikelo idzakuuzani zoona zimene wogulitsa sanakuuzeni. Mukadziwa kulemera, sankhani ngolo imene kachitsulo kake ka manambala kakulola zoposa pamenepo ndithu, chifukwa katundu wa m'boti amangokulirakulira chaka ndi chaka.

Ena amati mabuleki a ngolo ndi zongofuna kutidyera ndalama. Amene amatero sanatsikepo msewu wochoka pa Makuti kupita ku Kariba akukoka katundu. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchoka pa nyanja yaikulu, pamene Kariba ili pansi pa mamita 500, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lili pa makilomita 70 ndi mphambu omalizawo, msewu wokhotakhota, m'dzuwa loti phula limafewa. Ngolo yopanda mabuleki pamenepo imakukankhani ngati ng'ombe yolusa. Ngolo zambiri kuno zimakhala ndi mabuleki odzigwira okha: galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imadzakankha pa cholumikizira, chitsulo chimalowa m'kati n'kukoka waya wa mabuleki. Ndi nzeru yabwino, koma pamtsetse wautali mabulekiwo amangokhala ogwira mpaka kutentha. Choncho tsikani ndi giya yotsika, injini ikuthandizeni, ndipo mukapeza poima pabwino imani mugwire pafupi ndi pakati pa tayala mumve kutentha kwake.

Tsopano pa nkhani imene ndimataya nayo nthawi yambiri, kukhazika boti pa ngolo. Ambiri amayambira kutsogolo: amakoka boti ndi winchi mpaka mphuno yagunda pa mzati, n'kunena kuti zatheka. Ife timayambira kumbuyo. Chipupa cha kumbuyo kwa boti, pamene pamamangidwa injini, ndi pamene pali kulemera kwenikweni, ndipo chiyenera kukhala pamwamba penipeni pa chochirikiza chomaliza, kaya ndi thabwa kaya ndi rola. Boti likatulukira kumbuyo ngakhale ndi dzanja limodzi lokha, injini imalendewera pa faiba yopanda chochirikiza. Dzenje lililonse la mumsewu wa Chinhoyi ndi Karoi limakhala ngati nyundo, ndipo pakapita nthawi pansi pa boti pamapindika. Boti lotero m'madzi limayenda mphuno ili pansi, mwini wake n'kumadzudzula makaniko wa injini wosalakwa. Kumbuyo kukakhala bwino, m'pamene timasuntha mzati wa winchi kuti ubwere kudzakumana ndi mphuno ya boti pomwe ili.

Msana wa boti, umene ndi malo olimba kwambiri, ndiwo uzisenza katundu pa marola a pakati. Matabwa okutidwa ndi kapeti a m'mbali ntchito yawo ndi kuletsa boti kupendekeka. Ine maboti a faiba ndi a aluminiyamu yopyapyala ndimawakondera matabwa, chifukwa amagawa kulemera pa malo aakulu ndipo sachedwa kukonza akawola. Marola okhaokha amathandiza pamene madzi aphwa, ngolo singalowe kwambiri, monga zimachitikira ku Kariba zaka za chilala. Koma boti la pa marola silichedwa kuthawa. Ndinaonapo bambo wina atamasula ndowe ya winchi adakali pamtunda, boti linatsetsereka n'kugwera pa simenti injini ili pansi. Ndowe imamasulidwa boti likafika pamadzi.

Boti likakhala pamalo pake, timayeza kulemera kumene kukugwera pa kampira ka thoba, chitsulo chokokera ngolo cha kumbuyo kwa galimoto. Pa ngolo za maboti timafuna pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya katundu yense, ndiye pa chitsanzo chathu chija makilogalamu 75 ali bwino, malinga ngati thoba yanu ikulola. Sikelo ya kubafa ndi chipika zimakwana: ikani chipikacho pa sikelo, cholumikizira pamwamba pake, pa msinkhu wofanana ndi wa thoba. Kutsogolo kukapepuka, ngolo imayamba kuvina mukangowonjezera liwiro kapena basi ikakudutsani. Kukalemera kwambiri, galimoto imakhala pansi kumbuyo, chiwongolero n'kupepuka. Mankhwala ake ndi kusuntha ekiselo, n'chifukwa chake ngolo yabwino ekiselo yake imamangidwa ndi mabawuti oti itha kusendezedwa. Mukaibweza kumbuyo, kutsogolo kumalemera. Musasunthe boti, mungawononge zimene tinakonza kumbuyo zija. Ndipo tsiku lina ngolo ikadzayamba kuvina, musaponde buleki mwamphamvu. Chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, chiwongolero mugwire chilili.

Kampira ka thoba kuno kwathu ndi ka mamilimita 50. Ngolo zina zimene zimabwera ndi maboti ochokera ku America zili ndi cholumikizira cha mainchi awiri, kutanthauza mamilimita 50.8, kapena cha mamilimita 47.6. Ndi maso simungasiyanitse 50 ndi 50.8, koma kampata kameneko kamagogoda ulendo wonse ndipo kakhoza kuvuka pa dzenje. Sinthani cholumikiziracho, si chodula. Maunyolo awiri achitetezo muziwapingasa pansi pake kuti chikavuka chigwere pa maunyolowo.

Za matayala ndinena mwachidule. Werengani nambala ya kulemera imene ili m'mbali: 82 ndi makilogalamu 475, 90 ndi 600. Matayala awiri a 82 sangasenze katundu wathu uja. Onaninso manambala anayi a tsiku limene tayala linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la ngolo silitha mano, limafa ndi dzuwa litangoima pabwalo. Yendani ndi lapadera, ndi jeke ndi sipanala zimene mwaziyesa kale pa ngoloyo.

Chimene chimagoneka anthu ambiri m'mbali mwa msewu ndi mabeyaring'i. Mwayenda makilomita oposa 350 kuchoka ku Harare, zitsulo zatentha, ndipo mukangofika mwaviika ngolo m'madzi ozizira. Mpweya wa m'kati umakhwinyata n'kuyamwa madzi kudzera pa silo, kalabala kamene kamatsekera girisi m'kati. Madzi akasakanikirana ndi girisi, dzimbiri limayamba, ndipo beyaring'i imadzakufera pobwerera kapena ulendo wotsatira. Mukafika padooko, yambani mwamasula malamba, kuika chotsekera pabowo lotulutsira madzi, kulongedza katundu, mabeyaring'i akuzizira. Gwiritsani girisi wa m'madzi, ndipo kamodzi pa chaka tsegulani muone. Girisi akaoneka ngati mkaka, madzi analowa. M'galimoto muzikhala mabeyaring'i apadera, silo ndi kapini kake. Ku Makuti usiku simukazipeza.

Pa chitsulo, ngolo yoviikidwa mu zinki wotentha imaposa yopakidwa penti, makamaka ikakhala ya mapaipi a bokosi amene amadya dzimbiri kuchokera m'kati inu mukuona penti yonyezimira kunja. Mukamagula yogwiritsidwa kale ntchito, gogodani ndi nyundo cha kumbuyo kumene kumamira m'madzi. Chitsulo chamoyo chimalira, chowola chimangoti phu. Onaninso mapepala. Ngolo ndi galimoto payokha: ili ndi buku lake, nambala yake, layisensi ya ZINARA (bungwe loona za misewu) ndi inshuwalansi. Nambala yosindikizidwa pa chitsulo ifanane ndi ya m'buku. Zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, pamodzi ndi zilembo za T zosonyeza kuti ndi ngolo, apolisi a pamsewu sazilumpha.

Anzathu ambiri obadwira ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, amene makolo awo anachokera ku Malawi, amandiuza loto lomwelomwelo: tsiku lina kudzakoka boti kudutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza mpaka kukaliponya m'nyanja ku Mangochi kapena ku Salima, abale akaone. Ulendo umenewo umatheka. Kwa wotero ndimati aganize za ngolo ya ma ekiselo awiri ngati boti ndi lalikulu, chifukwa tayala limodzi likaphulika ena atatu amakupatsani mpata woima bwino. Ku Mozambique amafunanso chizindikiro cha makona atatu, chachikasu pa buluu, kwa aliyense wokoka ngolo, ndipo pachipata adzafuna mapepala a ngolo ndi a boti, osati a galimoto okha.

Musananyamuke, tsukani ngoloyo bwinobwino. Chivero, imene inatsekedwa pa mtsinje wa Manyame mu 1952, yakhala ikuvutika ndi namasupuni kwa zaka zambiri, udzu womwe uja umene umatseka Shire ku Malawi. Timasamba ndi timizu take timabisala pa ekiselo, pa masipuling'i ndi pansi pa kapeti ya matabwa, ndipo kachidutswa kakang'ono kakangofika m'madzi ena kamamera. Chotsani chotsekera kuti madzi onse a m'boti atuluke pomwepo padooko, zulani udzu ndi manja, ndipo boti ndi ngolo ziume padzuwa masiku angapo musanapite nazo ku dziwe lina.