Ikani foni pansi, gwirani sipanalayo

Ophunzira akapatsidwa ntchito yojambula zida zogwirira ntchito, ambiri amabwera ndi chinthu chimodzimodzi: sipanala yogonekedwa pakati pa pepala loyera, mizere yosalala, mthunzi wopakidwa bwinobwino. Ukafunsa kuti sipanalayo ili kuti, amakutsegulira foni. Zimenezi zanditopetsa. Chithunzi cha m'foni sichingakuuzeni kulemera kwa hamala, kapena kukusonyezani pamene dzanja la mwini wake linasalalitsa mpini. Mano a pulayala amene anatha ndi kuluma waya amadziwika ndi chala.

Pezani chida chakale, chadzimbiri. Dzanja lina lizichipapasa, lina lizijambula, maso asayang'ane papepala. Mzere udzakhota, koma udzatsata chitsulo chenicheni osati chimene mutu wanu ukuganiza kuti ndiye sizasi. Mangirirani khala kunsonga kwa ndodo yaitali mita imodzi, mujambule mutaimirira, kuti phewa ligwire ntchito m'malo mwa zala. Sizasi ijambuleni yotseka ndi yotsegula pamalo amodzimodzi, osafufuta.

Kenako chidacho chilembe chokha. Mu 1925 katswiri wojambula wa ku Germany, Max Ernst, anayala mapepala pamatabwa a pansi m'nyumba n'kumakwecha ndi pensulo, njira imene anaitcha frottage. Yesani pa macheka kapena pa tupa, mukumasuntha pepala pang'onopang'ono, muone mano akubwerezabwereza. Jim Dine, katswiri wojambula wa ku America amene banja lake linali ndi sitolo ya zida mumzinda wa Cincinnati, wakhala akujambula zida kwa zaka zambiri, ndipo mu 1973 anadinda zithunzi 10 zotchedwa Ten Winter Tools. Onani mmene mdima wozungulira chida umachititsira kuti chitsulo chioneke cholemera.

Pa monotype, njira yodinda imene imatulutsa chithunzi chimodzi chosabwerezeka, yalani inki pagalasi, dindanipo chidacho kapena pukutani maonekedwe ake ndi kansalu, yalani pepala, kwechani ndi kumbuyo kwa supuni. Musatsuke galasi msanga. Pepala lachiwiri lodindidwa ndi inki yotsalayo, lotuwalo, nthawi zambiri ndi limene limakhala ndi moyo. Kumbukirani kuti chithunzi chimatuluka chotembenuka.

Koma chonde, chida chachitsulo musachilowetse m'makina odindira. Chimaboola nsalu zake, chimasiya bala pachitsulo chogudubuza, ndipo balalo limatuluka pa ntchito ya aliyense wobwera pambuyo panu.

Pali mtsikana wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anakanda chithunzi cha chotsegulira zitini papulasitiki ndi msomali. Pa njira imeneyi, yotchedwa drypoint, m'mphepete mwa mzere mumatukuka timinga timene timagwira inki, n'chifukwa chake mzere umatuluka wakuda ndi wofewa. Mizere yake inali yotero, yabwino kuposa ya kalasi yonse. Iye anaona ngati n'zachibwana chifukwa n'zapulasitiki. Anazengereza mpaka kutatsala masiku awiri kuti apereke ntchitoyo, n'kupeza vidiyo pa intaneti ya munthu wodzitcha katswiri, wosonyeza kudyetsa chitsulo ndi asidi m'nyumba kuti akumbe mizere ya chithunzi. Anachitira m'chipinda chogona, mawindo ali otseka, manja ali pamtunda. Zala zinapsa, chifuwa chinamugwira, ndipo ntchito sanapereke.

Anthu a mavidiyo oterowo sakuuzani kuti nitric acid akamadya chitsulo amatulutsa utsi wowononga mapapo, ndipo nthawi zina kubanika kumayamba patapita maola. Sakuuzani kuti asidi amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Masitudiyo ambiri anasamukira ku mankhwala ena otchedwa ferric chloride pa mkuwa chifukwa alibe utsi woterowo, komabe amafunika magolovesi, zoteteza maso ndi mphunzitsi pambali panu. Asidi akakugwerani pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mukumva bwino.

Zonsezi zimayamba ndi kuchedwa. Inki ya mafuta imatenga masiku kuti iume, ndipo timinga ta drypoint timaphwanyika mukangodinda kangapo, choncho kuyesa kulikonse kumadya mbale yanu, kutanthauza pulasitiki kapena chitsulo chimene mwakandapo chithunzi. Dindani koyamba sabata imene mwalandira ntchitoyo, kuti mbale ikatha mukhale ndi nthawi yokanda ina.