Thumba la feteleza likauma gwa, musathamangire nyundo kapena moto

Mwezi wa Okutobala ukafika ndipo kutentha kukayamba kulengeza kuti mvula yayandikira, anthu ambiri a mu Blantyre muno amatsegula zipinda zosungiramo katundu n'kupeza matumba a feteleza amene anatsala chaka chatha kapena dzana. Ena amapeza kuti thumba lauma ngati mwala, ena amapeza likuchucha madzi pansi, ndipo ena amapeza zolemba zake zafufutika moti sakudziwanso ngati ndi wokulitsa kapena wobereketsa. Pa ntchito yanga yolangiza alimi pa za nthaka, funso lomwe ndimalandira kawirikawiri nyengo imeneyi ndi lakuti feteleza wotereyu atayidwe bwanji. Yankho langa loyamba limadabwitsa ambiri, chifukwa feteleza wakale wochuluka safunika kutayidwa konse, ndipo ngozi yaikulu imabwera pamene munthu akuyesa kumuphwanya, kumuwotcha kapena kumutaya mwachisawawa.

Feteleza satha mphamvu monga mmene amachitira mankhwala a kuchipatala. Chomwe chimamuwononga ndi chinyontho. Mchere wa m'feteleza umakoka madzi a mumpweya, timibulu take timasungunuka pang'ono kenako n'kumatirirana, ndipo thumba lonse limasanduka chibuma chimodzi. Chakudya cha mbewu chimakhala chikadali momwemo, ngakhale kuti Urea amene wanyowa kwa nthawi yaitali amataya gawo lina la nayitrojeni wake, chakudya chokulitsa mbewu, ngati mpweya wa amoniya, womwe ndi fungo loboola mphuno lija mumalimva mukatsegula chitseko.

Si feteleza aliyense amene angaphulike, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa bwino kuti tisachite mantha ndi chilichonse. Urea, amene ali ndi nayitrojeni 46 pa 100, saphulika payekha. Sulphate of Ammonia nayenso saphulika payekha. Amene amafuna chisamaliro chapadera ndi feteleza aliyense wokhala ndi ammonium nitrate, kaya ndi ammonium nitrate weniweni wa nayitrojeni pafupifupi 34 pa 100, kaya ndi CAN (Calcium Ammonium Nitrate) amene alimi a fodya ndi a ndiwo zamasamba amamudziwa bwino, kapenanso mitundu ina ya NPK yomwe nayitrojeni wake amachokera ku nitrate. Mu CAN opanga amasakanizamo laimu, ndipo izi zimachepetsa kwambiri mpata woti aphulike, koma sizimuchititsa kukhala mchenga wamba. Chomwe chimasiyanitsa nitrate ndi mchere wina n'chakuti akatenthedwa amatulutsa yekha mpweya womwe moto umafuna kuti uyake. Ammonium nitrate amasungunuka pa madigiri pafupifupi 170, ndipo kutentha kukapitirira 200 amayamba kuphwasuka n'kutulutsa mipweya yambiri. Mipweyayo ikasowa potulukira, monga m'chipinda chotseka, mu diramu kapena m'paipi, kapena fetelezayo akakhala kuti waipitsidwa ndi mafuta, utuchi, makala kapena mankhwala ena, zomwe zinali moto wamba zimatha kusanduka kuphulika.

Mbiri ya dziko lapansi ili ndi zitsanzo zomvetsa chisoni. Pa 21 Seputembala 1921, ku Oppau m'dziko la Germany, mulu waukulu wa feteleza wosakaniza ammonium nitrate ndi ammonium sulphate unali utauma gwa m'nkhokwe ya fakitale. Ogwira ntchito anali atazolowera kuugumula ndi zophulitsira zazing'ono, ndipo anali atachita zimenezi kambirimbiri popanda vuto, koma tsiku limenelo nkhokwe yonse inaphulika ndipo anthu oposa 500 anafa. Mu 2001 ku Toulouse, ku France, chomwe chinaphulika sichinali feteleza wabwino wa m'matumba, koma mulu wa zotsalira ndi zokanidwa zomwe zinkaunjikidwa m'nyumba ina ya fakitale, ndipo anthu 31 anataya miyoyo. Ndimatchula Toulouse mwadala, chifukwa ikutikumbutsa kuti feteleza wonyozeka uja, wosesedwa pansi ndi wosakanikirana ndi zinyalala, ndi amene amakhala woopsa kuposa watsopano. Ngozi ya ku Beirut, m'dziko la Lebanon, ya pa 4 Ogasiti 2020 ambiri tinaionera pa mafoni athu. Matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate anakhala m'nyumba yosungiramo katundu padoko kwa zaka zisanu ndi chimodzi, moto unabuka, katunduyo anaphulika, ndipo anthu oposa 200 anafa. Sitima yomwe inanyamula katunduyo inali pa ulendo wa ku Beira, doko lomwelo limene katundu wambiri wobwera kuno kwathu amadzera.

Thumba limodzi la makilogalamu 50 silingagwetse mzinda, ndipo sindikufuna kuti wina aganize choncho. Koma likhoza kukoleza moto wa m'nyumba kufika poti sungazimitsike ndi ndowa, ndipo utsi wake ukhoza kupha. Chaka china ndinalowa m'kagolosale kena chakumpoto kwa mzinda uno, komwe bambo wina amagulitsa feteleza wopima m'timapepala. Kuseri kwa kauntala kunali matumba anayi a CAN amene ananyowa pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo anali atauma n'kukhala ngati njerwa. Pambali pake panali chigubu cha palafini chomwe chinkadontha pang'onopang'ono moti pansi pa thumba limodzi panali patada, pamwamba pake panali matumba a makala, ndipo mbaula yophikira inali pakhomo, masitepe awiri okha kuchokera pamenepo. Mnyamata wawo anali atagwira nyundo yachitsulo akuphwanya chibuma pasimenti. Ndinawapempha bambowo kuti mnyamatayo ayambe wasiya kaye, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti, "Achimwene, takhala tikuchita zimenezi chaka chonse, palibe chomwe chachitika." Mawu amenewa ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ngozi ya mtundu uwu sichenjeza, ndipo munthu amatha kulakwitsa kwa zaka zambiri osaona kanthu mpaka tsiku lomwe moto, mafuta ndi malo otsekeka zidzakumane pamodzi.

Tsono thumba lakale tichite nalo chiyani? Ngati zolemba zikuwerengeka ndipo fetelezayo ndi woyera, wopanda mafuta kapena zinyalala, malo ake oyenera ndi m'munda. Mutulutseni panja pamthunzi, kutali ndi moto, muyale lona kapena chiguduli choyera, ndipo zibumazo muziphwanye pang'onopang'ono ndi chipika cha mtengo, mutavala magolovesi ndi chotchinga kumaso. Musagwiritse ntchito chitsulo pasimenti, musamusinje mumtondo womwe mumasinjiramo chakudya, ndipo musayese n'komwe kupita naye kuchigayo kapena kumuumitsa pamoto. Amene wanyowa kwambiri mukhoza kumusungunula m'madzi ochuluka mu ndowa ya pulasitiki n'kuthirira m'mbali mwa mbewu, osati pamasamba. Chofunika ndi kusunga mlingo womwe alangizi amanena pa mbewu iliyonse, chifukwa mtima wofuna kuti thumba lithe msanga umachititsa anthu kuthira mopyola muyeso, mbewu n'kupsa ndipo nthaka n'kuwawa. Ngati mulibe munda wokwanira, perekani kwa mnansi amene ali ndi dimba, koma mumuuze zoona za mtundu wake ndi zaka zake.

Amene amakonda kupanga manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, madeya ndi phulusa, ndikuwapempha kuti asaikemo CAN wakale kapena feteleza amene sakumudziwa mtundu. Kusakaniza nitrate ndi zinthu zouma zomwe zimayaka, n'kuzimanga m'thumba n'kuziika pakona kwa milungu ingapo, si njira yotayira feteleza yomwe ndingavomereze.

Feteleza amene wadonthera dizilo, petulo, oilo kapena palafini, kapena amene wasakanikirana ndi mankhwala ophera tizilombo, ndi nkhani ina. Ameneyu musamusunge m'nyumba ngakhale usiku umodzi wowonjezera, ndiponso musamuthire m'thumba limodzi ndi wabwino. Muikeni payekha pabwalo, pamalo ouma opita mphepo, m'chotengera cha pulasitiki chosatseka mothina, pomwe ana ndi ziweto sangafike, kenako funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Ngati ndi wochuluka, monga wa m'sitolo, wa kalabu ya alimi kapena wa pa esiteti, dziwitsani Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre kapena bungwe loona za chilengedwe la MEPA, komanso kampani yomwe inakugulitsani, kuti akuuzeni njira yovomerezeka. Klorini wa m'madzi ndi mankhwala oyeretsera zovala asayandikire feteleza wamtundu uliwonse, ngakhale Urea amene, chifukwa zikakumana zimatulutsa mipweya yapoizoni ndipo zikhoza kuphulika.

Pali malo omwe feteleza sayenera kupita. Asapite padzala pomwe timatentha zinyalala madzulo, ndipo asalowe m'bini yopita ku Mzedi, chifukwa kumalo otayira zinyalala moto susowa. Asaponyedwe m'chimbudzi chokumba kapena kukwiriridwa m'dzenje limodzi, pakuti nitrate amasungunuka msanga n'kutsikira m'madzi a pansi panthaka omwe amalowa m'zitsime zathu. Bungwe la World Health Organization linaika malire a mamiligalamu 50 a nitrate pa lita imodzi ya madzi akumwa, makamaka pofuna kuteteza makanda, amene magazi awo amalephera kunyamula mpweya wabwino akamwa madzi otere. Asathiridwenso m'ngalande kapena mu Mudi ndi Naperi, chifukwa madzi a mitsinje yathuyi amakathera mu Shire, ndipo chakudya chomwe chikanakulitsa chimanga chimakakulitsa namasupuni ndi zomera zina za m'madzi. Oweta mbuzi ndi ng'ombe adziwenso kuti chiweto chikanyambita Urea wotayidwa pabwalo chikhoza kufa pasanathe maola ochepa. Matumba opanda kanthu atsukidwe bwino, madzi otsukirawo athiridwe m'munda, ndipo asasungiremo ufa kapena chimanga chodya.

Moto ukabuka pomwe pali feteleza, choyamba ndi kutulutsa anthu onse n'kuwaimika kutali, kumbali yomwe mphepo ikuchokera, ndipo poimbira ozimitsa moto a khonsolo muwauze momveka kuti mkatimo muli feteleza, mtundu wake ndi kuchuluka kwa matumba. Moto waung'ono umene sunafike pamatumba ukhoza kuzimitsidwa ndi madzi ambiri. Mchenga ndi bulangete sizithandiza pa nitrate, popeza iye amadzipezera yekha mpweya woyakira, ndipo kumukwirira kumangotsekereza kutentha mkati. Mukaona utsi wofiirira ngati dothi la katondo, musayesenso kupulumutsa katundu, thawani ndipo muchenjeze oyandikana nawo. Aliyense amene wapuma utsi umenewo apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akumva bwino, ndipo akauze adokotala kuti unali utsi wa feteleza, chifukwa mapapo amatha kuyamba kudzaza madzi patapita maola ambiri, nthawi zina tsiku lotsatira, munthu atagona kale kunyumba.